Nsonga za Mbawa

1. Khoma ndi mitengo

Pakati pa minda ya tiyi ya ku Thyolo panali nthambi yaing'ono ya yunivesite. Dzina lake linali lalitali, ndipo anthu a m'midzi yozungulira analibe nalo nthawi. Ankangoti Pakoleji.

Zaka zimenezo maliro anali atachuluka. Sabata sinkatha osamva kulira m'malaini a antchito a esiteti kapena m'midzi ya kutsidya. Choncho mu Januwale 2006 ophunzira a kalabu ya zaluso anapangana kuchitapo kanthu. Anadzala mbawa makumi awiri ndi zinayi kumbuyo kwa laibulale, mtengo uliwonse chikumbutso cha munthu mmodzi amene anatsogola.

Patsinde pa mtengo uliwonse anaikapo chikwangwani chadothi chowotcha bwino. Pachikwangwanipo ankalemba dzina la malemuyo, ndipo m'munsi mwa dzinalo ankajambula chida chimene ankagwira nacho ntchito ali moyo. Pena panali khasu, pena choko, pena dengu lothyolera tiyi. Abale a malemuwo ankabwera okha kudzathirira ndi kupalira.

Mtengo wakumapeto kwenikweni kwa mzere unali wa malemu Malizani, bambo ake a Lestina. Pachikwangwani chawo panali mpeni wokhota wodulira tiyi. A Malizani anagwira ntchito yodulira tiyi zaka khumi ndi zisanu ndi zitatu, ndipo akapitawo onse ankadziwa kuti munda umene adula a Malizani umakhala tebulo lenileni, loti ungaikepo kapu ya madzi osatayika.

Pofika 2008 Lestina anali m'chaka chachitatu cha maphunziro a uphunzitsi. Anali mtsikana wofatsa, wanzeru m'kalasi, koma wamanyazi ndi kumene anachokera. Anzake ochokera m'tauni akamacheza za kwawo, iye ankangoyang'ana m'buku. Katundu wa bambo ake anagawidwa yense atamwalira. Iye chimene anatsala nacho chinali mpeni uja, ndipo ankausunga pansi pa sutikesi, wokulunga m'nsalu yakale.

Tcheyamani wa kalabu anali Reinford, mnyamata wa ku Limbe. Luso lojambula anali nalo ndithu, zimenezo tisamunamizire. Pakhoma la laibulale, kumbuyo kwa mbawa zija, anajambula phiri la Thyolo mmene linalili kale, nkhalango ili bii, mitsinje ikutsetsereka. Anathera miyezi isanu ndi iwiri pa makwerero. Chimene anaiwala ndi chimodzi chokha, chimene mwana wa Sitandade 2 amachidziwa: mitengo imakula.

Pofika Malichi 2008 mbawa zinali zitamwa mvula ya zaka ziwiri. Zina zinafika m'mapewa, zambiri zinapitirira mutu wa munthu. Theka la chithunzi cha Reinford linabisika ndi masamba. Ndipo ndi mwezi womwewo pamene kunabwera uthenga woti Lachinayi kudzafika mlendo wolemekezeka kuchokera ku Blantyre, pamodzi ndi atolankhani, kudzatsegulira malowo.

2. Pempho la Reinford

Lolemba madzulo, potuluka m'kalasi, Reinford anamupeza Lestina pa mpopi akutsuka mbale yake.

"Lesi, ndakusakasaka. Pali ka ishu kena kofunika iweyo basi."

"Ine? Kuyambira liti?"

"Usatero, sisi. Tiye ukaone."

Anapita naye kumbuyo kwa laibulale. Reinford anaima pamene padzakhale mipando ya alendo, n'kutambasula manja.

"Taona wekha. Phiri langa lili kuti? Mtsinje uli kuti? Kamera ikadzaima pano idzajambula thengo. Miyezi seveni, Lesi, ndikupuma penti!"

"Nanga titani? Mitengo yakula."

"Ndiye ndabwera kwa mwana wa a Malizani. Tayang'ana uko." Analoza minda ya tiyi imene inayala kutsetsereka mpaka kufakitale. "Waona kukongola kwake? Levulo imodzi kuchokera pano mpaka uko. Ndikufuna mitengo iyi ikhale choncho. Tingoidula m'chifuwa umu, mzere umodzi. Pansi tebulo lobiriwira, pamwamba phiri. Ife a m'tauni tikagwira chikwanje tingowononga. Koma iwe ntchito imeneyi unabadwira momwemo."

Aka kanali koyamba kuti munthu wa Pakoleji atchule ntchito ya bambo ake mosaseka. Lestina anamva kukoma mumtima, ndipo sitingamudzudzule pa zimenezo.

"Kudula ndimatha," anatero. "Bambo ankanditenga pa holide. Ankati dzanja langa ndi lowongoka kuposa la anyamata."

"Eyaa! Ndiye dzina lako ndililemba pakhoma, pafupi ndi langa. Lachinayi udzaima ndi ine kutsogolo, mlendo adzakugwira chanza. Ndipo mitengo siimva kanthu. Tiyi uja amamudula chaka ndi chaka, wafa?"

"Safa. Amaphukira bwino kuposa kale."

"Basi, nkhani yatha. Lachitatu masana."

Lestina anavomera. Atafika kuhositelo anatsegula sutikesi n'kuvundukula mpeni uja. Unali utachita dzimbiri pang'ono kunsonga, ndipo unkafunika kunola.

3. Mawu a a Elson

Mwala wonolera unali ku nazale, kwa a Elson. Mkuluyu anagwira ntchito mu nazale ya esiteti zaka makumi atatu, ndipo atapuma analembedwa Pakoleji kuti azisamala maluwa ndi mitengo. Mbande za mbawa zija anafesa ndi iwowo. A Elson anamudziwa Lestina ali wakhanda, chifukwa kumalaini khomo lawo linkayang'anana ndi la a Malizani.

Lachiwiri m'mawa Lestina anawapeza akuthira dothi m'machubu.

"Mwadzuka bwanji, agogo?"

"Tadzuka, kaya iwe mwana wa Malizani? Chimene wanyamulacho ndikuchidziwa. Chigwiriro chake ndinasema ndine. Ukufuna kudula chiyani Pakoleji pano, poti tiyi palibe?"

Lestina anafotokoza zonse, mosabisa. A Elson anasiya chubu chimene anagwira. Anapukuta manja pa ovolosi, n'kumuuza kuti akhale pa chidebe chovundikira.

"Tamvera, mwana wanga, ndipo umve bwino chifukwa sindibwereza. Ife anthu a m'tiyi tili ndi matenda athu. Tikaona chomera chatalika, dzanja limayabwa. Mpanda timadula, maluwa timadula, ngakhale mtengo wa mapeyala timafuna ukhale tebulo. Inenso ndinali choncho. Koma tiyi ndi wina, mbawa ndi ina.

"Tiyi ukamusiya amakula kupitirira denga la nyumba iyi. Timamudula dala kuti asakule, kuti atambalale, dzanja la wothyola lizifika. Ntchito ya bambo ako inali imeneyo, kuletsa mtengo kukula, ndipo ankaidziwa. Koma mbawa ili ndi nsonga imodzi yokha, kansonga kamene kamafiira pamwamba kaja. Kameneko ndi kamene kamakoka mtengo wonse kupita kumwamba. Ukakadula, mbawa siifa ayi, sindikunamiza. Koma imasokonezeka. Imatulutsa mphanda zinayi, zisanu, pamene wadulapo, iliyonse kulowera kwake. Thunthu lowongoka lija, loti anthu atatu agwirane manja kuti alizungulire, silidzabweranso. Udzakhala ndi chitsamba chachikulu basi."

"Koma agogo, tikhoza kudzala zina zikavuta."

"Zichokera kuti? Phiri limene mnzakoyo wajambula pakhoma ine ndinaliona ndi maso. Ndili mnyamata tinkalowa m'nkhalango imeneyo masana dzuwa osaliona. Lero pita ukaone, ndi chimanga ndi nthochi mpaka pamwamba. M'khwawa lina munatsala mbawa imodzi, mayi wa mitengo. Chaka cha 2005, zipatso zake zitayamba kuthetheka, ndinakwera katatu ndi mawondo angawa kukatola njere. Ulendo wachinayi ndinapeza chitsa ndi utuchi, ocheka matabwa atadutsa. Mbande zimene zinamera ndi makumi awiri ndi zinayi, zomwe zili kumbuyo kwa laibulalezo. Mbawa zina ungazipeze ku Boma, inde, koma za phiri lathu ndi zomwezo.

"Chinanso. Mitengo imeneyo si ya kalabu yanu. Munaitana anthu, munawauza kuti uwu ndi wa mwana wanu, uwu ndi wa amuna anu. Anthu aja anakhulupirira. Pali mayi wina wa ku Kapichi, Mayi Teleza, amene amabwera wapansi ndi thumba la manyowa pamutu. Iwe sumamuona chifukwa umakhala m'kalasi. Ine ndimamuona. Munthu sadula chinthu cha mwini asanafunse mwini wake."

Lestina anayang'ana pansi, akutembenuza mpeni m'manja.

"Mawa ndikupita ku Boma, kuchipatala, akandione maso," anapitiriza a Elson. "Ndikabwera madzulo tidzakhala pansi ndi mnyamatayo. Mipando ikhoza kuikidwa chakumtunda, pamene khoma limaoneka lonse. Njira ilipo. Undidikire, wamva?"

"Ndamva, agogo."

"Mwala uli apo. Nola mpeni wa bambo ako, dzimbiri si labwino. Koma ukanola ukaubwezere m'sutikesi."

Lestina ananola mpeniwo mpaka unawala.

4. Lachitatu masana

Lestina atamuuza Reinford zimene a Elson ananena, mnyamatayo anaseka.

"Madala aja ndi a maluwa, Lesi, za ati, zojambula izi, sazidziwa. Mipando kumtunda? Pa dzuwa? Mlendo wolemekezeka? Komanso taona, dzina lako ndalemba kale."

Zinali zoona. Pakona ya khoma, ndi penti yoyera yosauma bwino, panalembedwa kuti Reinford ndi Lestina Malizani. Lestina anayang'ana dzina la bambo ake pakhoma la yunivesite nthawi yaitali. Kenaka anapempha chingwe ndi ndodo.

Anagwira ntchito mmene anaphunzitsidwira. Anadula ndodo yoyezera yofika pachifuwa. Anakhoma zikhomo ziwiri, uku ndi uku, n'kumanga chingwe chowongoka. Anamanga chitenje m'chiuno. Anzake a kalabu anasiya kupaka njereza pa miyala ya m'mbali mwa njira, n'kubwera kudzaonerera.

Mbawa yoyamba anaigwira ndi dzanja lamanzere, n'kukoka mpeni kamodzi kuchokera pansi kupita m'mwamba. Nsonga inagwa ndi masamba ake ofiira. Podulapo panali posalala, mopendekeka bwino kuti madzi a mvula asakhalepo.

"Eee, koma ndiye katswiri!" anakuwa mtsikana wina. Ena anaomba m'manja.

Yachiwiri, yachitatu, yachinayi. Dzanja linakumbukira lokha. Lestina sankayang'ana zikwangwani za pansi, ankayang'ana chingwe. Khoma linayamba kuoneka, mtsinje wa penti unatulukira, ndipo Reinford ankadumphadumpha kumbuyo ngati mwana amene bambo ake abwera ndi buledi. Chisoni chake n'chakuti ntchitoyo inali yabwino kwambiri. A Malizani akanaiona akanati mzere wawongoka.

Pasanathe ola limodzi anafika kumapeto. Panatsala mtengo umodzi, wautali kuposa yonse, tsinde lake lonenepa ngati mpini wa khasu. Kuti aupinde anayenera kuponda pafupi ndi chikwangwani, ndipo apa maso ake anagwera pa dzina ndi pa mpeni wokhota wojambulidwa pa dothi.

Anaugwira mtengowo. Anayang'ana kansonga kofiira pamwamba. Kenaka anausiya, ndipo unabwerera n'kuima chilili.

"Malizitsa, sisi," anatero Reinford.

"Mpeni wabuntha."

"Wabuntha? Pompano umadula ngati lezala."

"Ndati wabuntha."

Reinford anabwerera m'mbuyo, natsinzina diso limodzi. Mtengowo unali pamene khoma linathera, ndipo sunkabisa chilichonse.

"Usiye, sukusokoneza. Anyamata, tolani zinyalalazi mukataye kuseri kwa khitchini."

Madzulo a Elson anatsika minibasi, diso limodzi lomata thonje. Sanapite kunyumba, analunjika kulaibulale. Amene anawaona akuti anaima pamenepo atavula chipewa. Kenaka anatenga dengu ku nazale n'kulowera kuseri kwa khitchini.

5. Funso la Mayi Teleza

Lachinayi kunacha bwino. Anamanga tenti, kwaya inaimba, ndipo abale a malemu anakhala pa mabenchi kumbuyo kwa alendo. Ena anachokera kumalaini, ena kwa Nchilamwela, ena ku Kapichi. Ambiri anavala zovala za kutchalitchi.

Mlendo wolemekezeka anafika mochedwa ndi maola awiri, monga mwa masiku onse. Anayamikira chithunzi. Anayamikira mzere wa mitengo. Kenaka analoza mbawa yakumapeto ija.

"Chimene chandikhudza kwambiri ndi ichi," anatero. "Mitengo yonse yafanana, koma umodzi wakwera pamwamba. Ana athuwa akutiuza kuti ngakhale pa chisoni, chiyembekezo chimakula. Limeneli ndiye luso!"

Anthu a kutsogolo anaomba m'manja. Reinford anagwedeza mutu ngati analingalira zimenezo kuyambira kale. Lestina anaitanidwa, anagwidwa chanza, kamera inathwanima. Kumabenchi a kumbuyo m'manja munali zii.

Itakwana nthawi yoti abale akaike maluwa pa mitengo yawo, mayi wina wamfupi, wa duku loyera, anayenda mpaka pa mtengo wachisanu ndi chinayi. Pachikwangwani chake panalembedwa kuti Amosi, ndipo panali chithunzi cha choko. Anali Mayi Teleza. Amosi anali mwana wawo yekhayo wamwamuna, mphunzitsi wa pulayimale, ndipo anamwalira ali ndi zaka makumi awiri ndi zisanu ndi zinayi.

Mayiwo anaika chala podulidwa paja. Utomoni unali utauma. Sanalire. Anatembenuka n'kufunsa ndi mawu otsika, koma onse anamva.

"Wadula ndani?"

Lestina anasuntha mapazi awiri.

"Ndine, mayi."

"Bwera pafupi, mwanawe, sindikumenya. Ukundiona msinkhu wanga? Mtengo uwu pobwera koyamba unkandifika m'bondo. Chilimwe chonse ndinkabwera mwezi ndi mwezi. Ndikafika ndinkaima nawo chonchi, kudziyeza. Unafika m'chiuno, unafika paphewa. Mwezi wathawu ndinapeza wandipitirira. Ndinaseka ndekha pano ngati wamisala, chifukwa Amosi naye anandipitirira ali Fomu 2, ndipo ankandiseka kuti amayi mwafupika. Ndinapita kwathu ndikuuza aliyense kuti mwana wanga akukula. Lero ndabwera ndi achemwali anga kuti adzaone. Ndiwaonetse chiyani?"



"Kapena sunadziwe," anapitiriza Mayi Teleza. "Ana a sukulu zambiri simuzidziwa, ndipo wosadziwa timamukhululukira. Koma ndikuona mtengo umodzi uko sunadulidwe. Ndi wa yani?"

"Wa bambo anga."

"Chifukwa chiyani wa bambo ako uli ndi mutu?"

Reinford analowererapo msanga, akumwetulira cha kwa mlendo. "Mayi, pepani, palibe tsankho apa. Mpeni unabuntha atafika pamenepo, ndi zokhazo. Eti Lesi? Tonse tinalipo."

Anzake a kalabu anavomereza. Mlendo anayang'ana wotchi yake. Khomo lothawira linali lotsegula, ndipo Lestina akanangogwedeza mutu nkhani ikanathera pomwepo.

"Mpeni sunabunthe," anatero Lestina. Mawu ake anamveka mpaka kumabenchi. "Unali wakuthwa. Agogo a Elson anandiuza Lachiwiri kuti mbawa ukaidula nsonga siiwongokanso. Anandiuza kuti ndiwadikire. Ndinadula ndikudziwa. Nditafika pa wa bambo anga ndinaumvera chisoni, koma yanu sindinaimvere. Ndalakwa, mayi. Ndalakwira nonse."

Anagwada pa udzu pomwepo, pamaso pa atolankhani, misozi ikutsika. Woyendetsa mwambo anauza kwaya kuti iimbe, ndipo mlendo anaperekezedwa kukadya. Pamene anthu ankatembenuka, Reinford anali atasowa.

6. Zikwangwani

Abale a malemu sanapite kukadya. Anatsala pa mitengo yawo, aliyense akuyang'ana podulidwa.

Apa ndi pamene a Elson anatulukira ndi dengu. Analitula pakati pa anthu. Munali nsonga makumi awiri ndi zitatu, zofota, masamba ofiira aja atada.

"Ndinazitola kudzala," anatero. "Sizingamere, koma sindikanalola kuti zigone pamodzi ndi makoko a nthochi."

Mayi Teleza anawerama n'kuzitembenuza imodzi imodzi.

"Ya Amosi ndi iti?"

Palibe amene akanadziwa. Zonse zinadulidwa mofanana, ndi dzanja limodzi. Apa ndi pamene mayiwo analira, ndipo amayi ena analira nawo ngati maliro ayambiranso.

Kulira kutachepa, bambo wina wa kwa Nchilamwela anafunsa ngati pali chimene chingachitike. A Elson anayankha akuyang'ana Lestina, amene anali chigwadire.

"Chilipo, koma si cha tsiku limodzi. Pakatha milungu itatu, podulidwa paliponse patuluka mphukira zambiri. Pamafunika munthu woti asankhe imodzi yamphamvu, aimangirire ku ndodo ndi luzi lofewa, zinazo azithothola ndi zala zisanakhwime. Sabata ndi sabata, mtengo ndi mtengo, zaka zitatu. Akajomba mwezi umodzi, mphanda zapambana. Ina idzawongoka, ina idzakana. Ndipo ngakhale yowongokayo idzakhala ndi bondo pamene mpeni unadutsa, loti zidzukulu zanu zidzaliona. Ine maso akutha, kamphukira kakang'ono sindingakaone. Iwe Lestina sukulu ukumaliza chaka chamawa, ndipo boma likakutumiza kutali. Sindikukakamiza. Ndikungonena mmene ntchito yake ilili."

"Ndidzagwira, agogo."

"Usayankhe msanga. Lachiwiri unayankhanso msanga."

Mayi Teleza anapukuta m'maso ndi nsonga ya chitenje. Kenaka anagwada patsinde pa mtengo wawo, anafukula dothi ndi zala, n'kuzula chikwangwani cha Amosi. Anachipukuta bwinobwino, anachikulunga m'chitenje, n'kuchibereka kumsana.

"Wanena zoona, mwanawe, ndipo chimenecho ndachiona," anatero. "Koma dzina la mwana wanga silikhala pamalo pamene munthu akhoza kubwera ndi mpeni osatifunsa. Mtengo uwu tinadzala monga banja, atsibweni ake a Amosi alipo. Ngati ukufuna dzinali libwerere pano, ubwere ku Kapichi ukanene pamaso pawo zimene wanena pano. Iwo ndi amene akaweruze. Ndipo pobwera utenge mpeniwo."

"Mpeniwo ndi wa malemu bambo anga, mayi. Ndi chokhacho chimene..."

"Ndamva. Inenso mtengowu unali chokhacho."

Ananyamuka, achemwali awo pambuyo. Bambo wa kwa Nchilamwela uja anayang'ana mkazi wake, ndipo naye anawerama n'kuzula chikwangwani cha mwana wawo. Kenaka gogo wina wa kumalaini. Kenaka ana awiri amasiye amene anabwera ndi azakhali awo. Panalibe wokalipa, panalibe wotukwana. Aliyense ankangozula chake, kupukuta, n'kumapita.

Pamene galimoto ya mlendo inkatuluka pageti, chithunzi cha Reinford chinkaoneka chonse, phiri ndi mitsinje yake. Kutsogolo kwake kunali mitengo makumi awiri ndi itatu yodulidwa mofanana, patsinde pake pali maenje opanda kanthu. Chikwangwani chinatsala chimodzi, cha malemu Malizani, pansi pa mtengo wautali uja.

Lestina sanathe kuchiyang'ana.

A Elson ananyamula dengu lawo n'kuvala chipewa.

"Makomo ndi makumi awiri ndi atatu, ndipo onse ndikuwadziwa," anatero. "Loweruka ndi tsiku lawo la Sabata, Mayi Teleza salandira milandu. Lamlungu tambala akangolira kachiwiri undipeze pageti, tiyambira ku Kapichi. Uvale nsapato zoyendera."

Anayenda pang'ono, kenaka anacheuka.

"Atsibweni ake a Amosi ndimawadziwa. Tinagwira limodzi ntchito pa esiteti, iwo ndi bambo ako, mpaka tsiku limene awiriwo anasiya kuyankhulana. Mpeni umenewo akangouona adzauzindikira. Uukulunge bwino, asauone usanayankhule."